Ndinatsuka Thanki ya Bambo a Nsomba

"Ndiye mukuti madziwa ali bwinobwino?"

"Amakhala choncho, Amayi."

"Ofiira ngati tiyi wogona chonchi?"

"Akuti nsombazo zimakonda madzi otero."

"Akuti ndani? Nsombazo zinakuuzani?"

Ndinaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wazindikira kuti mayeso ayamba kale iye asanatulutse n'cholembera chomwe. Ondifunsawo anali mayi ake a chibwenzi changa. Anali ataima pabalaza pa mwana wawo, chikwama chili m'khwapa, maso ali pa thanki yagalasi imene inali pakona. Mwana wawoyo anali atapita kumaphunziro a kuntchito kwa masiku asanu, ndipo anandisiyira makiyi kuti ndikaweruka ndizidzadyetsa nsomba zake. Chimene anaiwala kundiuza n'choti mayi ake nawonso ali ndi kiyi wawo.

Nsombazo zinali ziwiri zokha, kamuna ndi kakazi, tamtundu wa sikilidi tija tosakula. Kwawo ndi kutsidya kwa nyanja zazikulu, m'timitsinje ta m'nkhalango momwe masamba amagwera m'madzi n'kumaolera momwemo. Kamunako kanali ngati chala changa chaching'ono, zipsepse zake zabuluu zopendekera kufiira. Kakaziko kanali kochepa kuposa pamenepo. Dzina lawo la m'mabuku linali lalitali kuposa tonse tiwiri titalumikizana. Kwa zaka ziwiri mwiniwake ankadikira kuti tiikire mazira, koma ayi ndithu. Anzake anamupatsa dzina loti Bambo a Nsomba, pomuseka kuti ndi bambo yekhayo amene ana ake akukana kumupatsa zidzukulu.

Pakhoma anamatapo pepala la malamulo asanu ndi limodzi. Chakudya chochepa ngati katsine ka mchere. Getsi liziyaka maola asanu ndi atatu. Lamulo lomaliza analilemba ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuikapo dzina limene amanditcha chifukwa ndimaphunzitsa masamu: NAMASAMU, CHINA CHILICHONSE USAKHUDZE.

"Aphunzitsi," anatero Amayi, "ine kuyunivesite sindinafikeko. Koma ndikudziwa kuti chinthu chikada chimatsukidwa. Nthawi ya mwana wanga uja wakusitolo ya nsomba, pagalasi ili munthu unkadzionerapo nkhope."

Mwana wawo wakusitolo ya nsombayo sanali mwana wawo. Anali chibwenzi chakale cha Bambo a Nsomba, amenenso anamupezera tinsombati. Mumtima ndimamutcha Dona. Anasiyana zaka zapitazo, koma kwa Amayi iye akadali "mwana wanga". Ine, patatha chaka ndi theka ndikuwagwadira, ndinali ndikadali "aphunzitsi".

"Lachisanu ndibwera ndi azakhali ake," anatero ali pakhomo. "Akufuna aone pamene mwana wa achimwene awo akukhala. Komanso amene akumusamala."

*

Madzulo a Lachitatu lomwelo uthenga wa Bambo a Nsomba unalowa pafoni.

"Ana anga adya?"

"Adya. Ine sunandifunse."

"Iwe uli ndi pakamwa, ukhoza kudandaula wekha. Iwowo alibe."

"Kakaziko kasanduka kachikasu. Ndi fasho?"

Uthenga umenewo sunadutse, netiweki inali itathawa, ndipo itabwerera ndinaufufuta poopa kumudandaulitsa. Za kubwera kwa mayi ake sindinamuuzenso. Akangomva kuti Amayi andilankhula mopinda, amawaimbira n'kukangana nawo, ndipo mkangano uliwonse wotere umathera pamutu panga.

Ine ndimakonda zinthu zozunguza mutu. Ukandipatsa funso lovuta, sindidya mpaka nditalimasula. Ndiye ndinakhala pansi n'kuiyala nkhaniyo ngati samu. Anthu ofunika kuwasangalatsa, awiri. Thanki, imodzi. Mmodzi abwera Lachisanu, winayo Lamlungu. Madzi akayera Lachisanu, ndidzaponyamo masamba ouma Loweruka, pofika Lamlungu adzakhala atafiiranso. Aliyense adzaona chimene akufuna kuona. Ndinadziyamikira ndekha. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, koma akuluakuluwo sanaphunzire masamu.

Lachinayi nditaweruka ndinafika ndi cholinga chongopukuta galasi n'kuchotsako masamba oolawo. Koma galasi litayera, mchenga unaoneka wakuda. Ndinatunga madzi a momwemo m'ndowa kuti ndisungiremo nsombazo. Kamuna sikanavute. Kakazi kanakana kutuluka pansi pa phale la mphika limene linavundikiridwa pamchenga. Nditalowetsa kaukonde, kanatuluka n'kukalimbana nako, kansomba kochepa ngati chikhadabo, kali chikasu biliwiri. Ndinaseka mpaka ndinakajambula. "Mayi, ukali wanji? Ndikukukonzera nyumba."

Kunsi kwa phalelo kunali timadontho tofiira tothithikana, ngati dzimbiri likamayamba. Ndinatenga mswachi wakale n'kutikwecha mpaka phale linasalala.

Mchenga ndinautsuka kasanu. Kenako ndinatsegula sefa, kabokosi kamene kamakoka madzi n'kuwabweza. Mkati munali siponji yodzaza matope, yonunkha ngati dambo. Apa ndiye ndinamvetsa chifukwa chake amuna safunika kukhala okha nthawi yaitali. Ndinaichapa pampopi ndi sopo ndi madzi otentha mpaka inaoneka ngati yogula kumene. Madzi a mvula amene iye amasunga mumgolo pakhonde anangofika theka, ndiye ndinadzazitsa ndi a pampopi. Kutentha kwake ndinayeza mosamala kwambiri, madigiri makumi awiri ndi asanu ndi limodzi ndendende. Pa zonse zimene ndinachita tsikulo, chimenecho chokha ndicho ndinakhoza.

*

Lachisanu masana azakhali anayendetsa chala pamwamba pa thanki, n'kuchiyang'ana, n'kuyendetsanso kachiwiri. Anali mayi wamtali wosaseka msanga, amene pabanjapo akalankhula nkhani imatha.

"Mlamu," anatero kwa Amayi, "mtsikanayu ali ndi manja."

Amayi anaizungulira thankiyo ngati akugula galimoto. Madzi anali mbee, moti nsombazo zinkaoneka ngati zikuyandama mumpweya.

"Wagwira ntchito, mwana wanga," anatero. Anandigwira paphewa. "Ndinkaona ngati manjawa amangodziwa choko."

Chaka ndi theka ndinkadikira mawu amenewo. Ndinkaganiza kuti tsiku limene adzatuluke ndidzavina. Koma maso anga anali pa tinsombato. Tonse tiwiri tinali pamwamba penipeni, pakamwa pali yasa, tikupuma mwawefuwefu. Buluu wa kamuna uja anali atazimiririka. Kakazi sikanalinso kachikasu, kanali kotuwa ngati phulusa.

"Taonani, mpaka zikubwera pamwamba kudzatipatsa moni," anatero azakhali. "Nyama nayo imadziwa ukhondo."

"Eya, azakhali," ndinatero.

Ndinawaphikira tiyi. Anandifunsa za kwathu, za makolo anga, ngati ndimafuna ana angati. Amayi ankandiyankhira mafunso ena, ngati munthu amene wandidziwa kuyambira ndili wakhanda. Potuluka anandiuza kuti ndizibwera kunyumba kwawo ngakhale mwana wawo palibe.

Atangopita foni inalira.

"Tumiza chithunzi cha ana anga. Ndawasowa."

Ndinayang'ana thanki. Ndinayang'ana foni. Ndinamutumizira chithunzi cha Lachitatu, madzi akadali ofiira.

"Ndinadziwa kuti ndawasiya m'manja abwino," anayankha. Anaikanso kamtima kumapeto.

*

Loweruka m'mawa ndinapeza kamuna katagona chopendekeka pamchenga, zipsepse zitapindika. Kankapumabe. Ndinawerenga pepala la pakhoma katatu ngati kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri litulukira. M'tauni monse munali munthu mmodzi yekha wodziwa tinsomba timeneti, ndipo ndinayenda ulendo wonse wa kusitolo yake ndikufunafuna wina.

Sitoloyo inali yopapatiza, mathanki mbali zonse, madzi akungoti bwibwibwi. Dona anali ataweramira m'thanki ina, mkono uli m'madzi mpaka paphewa. Ndinkayembekezera kuona zikhadabo zopenta. Ndinaona epuloni yonyowa ndi nsapato za pulasitiki.

"Aphunzitsi," anatero osadabwa. "Mwasochera?"

"Ndikufuna thandizo. Nsomba za mnzanga zikudwala."

"Mnzanu." Anapukuta mkono. "Mnzanuyo ndikumudziwa. Zikutani?"

Ndinafotokoza. Sanandidule mawu. Nditamaliza anayamba kundifunsa mmodzimmodzi, ngati wapolisi amene akudziwa kale yankho.

"Madzi munasintha ochuluka bwanji?"

"Onse."

"A pampopi?"

"Theka."

"Sefa munaikhudza?"

"Siponji inali yakuda kwambiri."

"Munaitsukira m'madzi a m'thanki momwemo?"

"Pampopi. Ndi sopo."

Anatseka maso. "Aphunzitsi, matope aja ndiwo amasunga moyo wa nsomba. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadya poizoni wochokera m'zonyansa za nsombazo. Timatenga miyezi kuti tikhazikike. Inu mwapenta nyumba bwinobwino, mwagwetsa chimbudzi, kenako mwatsekera anthu momwemo."

"Sindinkadziwa."

"Sanakulembereni pepala? Ine ankandilembera ngakhale ndine ndinamuphunzitsa."

Anatsegula sefa ya thanki ina ya madzi ofiira, natulutsa siponji yamatope, n'kuidula pakati ndi sizasi. Theka analiika m'kajumbo momwe munali madzi.

"Iyi muiike mu sefa musanathe ola. Musaifinye. Chigubu icho ndi cha madzi a mvula, muzichotsa gawo limodzi mwa magawo asanu n'kuthiramo amenewa, m'mawa ndi madzulo. Masamba awa muponyemo. Getsi muzimitse. Chakudya ayi, mpaka mawa lithe. Kakazi kali bwanji?"

"Katuwa. Koma kanayamba kale kudwala ine ndisanakhudze kanthu. Lachitatu kanali kachikasu."

Dona anasiya kumanga kajumbo kaja.

"Kachikasu bwanji?"

Ndinamuonetsa chithunzi chija, kansomba kakulimbana ndi kaukonde. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kankakana kutuluka m'phale?"

"Eya."

"Kunsi kwa phalelo munaonako chiyani?"

"Timadontho tofiira. Ngati dzimbiri."

"Ndiye?"

Apa samu ija inadzimasula yokha, ine ndisakufuna. Ndinaona mswachi uja m'manja mwanga. Ndinakumbukira kuti ndinkaimba kanyimbo pokwecha.

Dona anakhala pansi pa ndowa yovundikira. Ndikanakonda akanandiseka. Ndikanakonda akananena kuti ankadziwa kuti ndine chitsiru, kuti ndimuyankhe, tikangane, ndituluke ndili ndi munthu womuda. Koma anangoti, "Zaka ziwiri," m'maso muli misozi.

"Tinsombati tikhoza kuikiranso mazira?"

"Tikapulumuka. Mwina chaka chino, mwina ayi." Anandipatsa kajumbo kaja. "Sindikuchitira inu, mudziwe. Ndipo akangofika mawa mumuuze nokha. Uja amakhululuka chilichonse, koma kumupusitsa ayi. Ine ndikudziwa."

Sanafotokoze kuti akudziwa bwanji, ndipo ine ndinalibe nkhope yofunsira.

*

Ndinachita zonse monga anandiuzira, osawonjezapo nzeru zanga ngakhale imodzi. Pofika Lamlungu m'mawa kamuna kanali katadzuka pamchenga. Kankasambira ngati nkhalamba yochokera kuchipatala, koma kankasambira. Madzi anali atayamba kufiira pang'ono. Kakazi kankalowa m'phale n'kutuluka, kulowa n'kutuluka, ndipo ine ndinasiya kukayang'ana.

Mawu ndinawakonza. Ndinawalemba papepala, n'kuwachepetsa mpaka anatsala asanu: "Ndinatsuka thanki. Munali mazira. Pepa." Ndinawayeserera kubafa, kukhitchini, ngakhale pamaso pa kamuna, kamene sikanaonetse maganizo ake.

Cha m'ma 3 koloko chitseko chinatseguka ndi kiyi. Anali Amayi, atanyamula chakudya cha mwana wawo m'kontena.

"Mwana wanga, wafika kale? Tenga ichi ukaike pamoto."

Pasanathe mphindi khumi mwiniwake analowa, chikwama kumsana. Anandipsompsona pachipumi, anagwira mayi ake dzanja, koma maso anali atadutsa kale pakati pathu. Anafika pathanki. Anagwada. Chikwama sanavule.

Sefa yokha ndiyo inkamveka.

"Mchengawu wayera," anatero. "Masambawa si anga." Anayandikitsa nkhope pagalasi pomwe panali kamuna. "Mayo ine. Taonani mmene watuwira."

Ndinatsegula pakamwa. Mawu asanu aja analipo. Koma iye anali atatembenuka kale, ndipo sanatembenukire kwa ine.

"Amayi. Mwachita ndithu?"

"Ndachita chiyani?"

"Zaka zonsezi mwakhala mukunena kuti tsiku lina mudzaitsuka. Ndinakupemphani kangati? Ndinakugwadirani, Amayi. M'nyumba muno chilichonse mukhoza kusuntha, makatani, mipando, ngakhale ine amene. Ndinangopempha chinthu chimodzi."

Amayi sanamuyang'ane. Anayang'ana ine. Sanali maso aukali. Anali maso a munthu amene wakutsegulira chitseko ndipo akudikira kuti udutse. Ndikhoza kunena kuti anadikira masekondi asanu ndi awiri, chifukwa ndinawerenga. Munthu wabwino akanalankhula pa sekondi yoyamba. Ine ndinkaganiza za chithunzi cha Lachitatu chija, ndi kamtima kaja, ndi mawu a Dona akuti kumupusitsa ayi.

"Ndine," anatero Amayi. "Inali yakuda. Azakhali ako amabwera."

"Azakhali!" Anaseka kuseka kosakoma. "Nsomba zanga zife chifukwa azakhali akubwera kudzayendera?"

"Sizinafe."

"Mwayi chabe. Amayi, ndipatseni kiyi wanga."

"Iwe, usatero," ndinatero. Ndiwo mawu okhawo amene ndinakwanitsa, ndipo anandiipitsa kuposa kukhala chete, chifukwa anandionetsa ngati munthu wachifundo.

"Ayi, Namasamu, usawaikire kumbuyo. Ndikudziwa kuti sukanatha kuwaletsa. Pepa kuti ndinakusiya pakati pa moto." Anandigwira dzanja n'kulifinya. "Masambawa ndiwe unaponyamo, eti? Unayesetsa. Zikomo."

Amayi anatulutsa mulu wa makiyi m'chikwama. Kiyiyo anali pa kawaya kolimba, ndipo zala zawo zinkaterereka. Anayesa ndi chikhadabo, chikhadabo chinathyoka. Palibe anawathandiza. Kiyiyo atatuluka anamuika patebulo pang'onopang'ono, kuti asalire.

"Chakudya chili pamoto, chisapserere," anandiuza. Sananene kuti aphunzitsi. Sananenenso kuti mwana wanga.

Ananyamula chikwama chawo n'kulunjika kukhomo. Mwana wawo anali atapinda kale malaya, manja onse awiri ali m'madzi, akukonza masamba, akuyang'ana kuseri kwa miyala. Foni yake inayamba kulira m'thumba la chikwama.

"Tandiyankhire, manja anyowa. Ika pa sipika."

Ndinaitulutsa. Dzina limene linali pagalasi la foniyo ndinalizindikira.

"Ndani?"

"Wakusitolo."

"Yankha, mwina andiuza chochita."

Ndinadina. Mawu a Dona anadzaza pabalaza ponse, mathanki ake akubwibwita kumbuyo.

"Wafika? Ndimati ndimve ngati siponji yanga yagwira. Usaichotse mpaka mwezi uthe. Komanso pepa za mazira aja, ndikudziwa mmene unkawadikirira. Usamukalipire kwambiri, sankadziwa. Wabwera yekha kwa ine dzulo, ndipo si aliyense akanatero."

Amayi anali ataima pakhomo, dzanja lili pachitseko. Kufoni kuja Dona anati, "Halo?"

Bambo a Nsomba anatulutsa manja m'thanki. M'dzanja limodzi munali phale lija, madzi akudontha kuchokera m'zigongono kugwera pansi. Analitembenuza, n'kuyang'ana kunsi kwake kosalala. Anayang'ana mayi ake. Kenako anayang'ana ine.

"Mazira ati?"